Masiku Khumi ndi Awiri

Ximena, wojambula wa pa phiri la Alegre,
anandiuza ndili ndi pakati:
"Mudzabwere naye asanathe masiku khumi ndi awiri.
Nthawi imeneyo amakhala adakali wopindika ngati nyemba yonyowa,
amagona tulo tofa nato,
mutha kumuika m'dengu iye osadziwa kanthu.
Mukachedwa maso amatseguka,
tiziphuphu timamera m'masaya,
m'mimba mumayamba kupota madzulo alionse."
Ndinalemba pa kalendala ya kukhitchini,
m'munsi mwa tsiku lolipira magetsi.

Koma Amaro sanawerenge kalendala.
Anabwera kutatsala masabata asanu,
mvula ya Julaye ikutsetsereka m'masitepe a Valparaíso,
Baltazar akuthamangira takisi atavala nsapato zosiyana.

Tsiku lachisanu anali m'kabokosi ka galasi,
kachubu kali m'mphuno.
Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinamukhudza phazi
kudzera pa kabowo, ndi chala chimodzi.
Tsiku la khumi ndi chiwiri linandipeza pa mpando wa pulasitiki
ndikukamira mkaka m'kabotolo, ndikuwerenga madontho.
Namwino anati wawonjezera magalamu makumi atatu,
ndinalira ngati andipatsa nyumba.
Za dengu sindinazikumbuke n'komwe.

Uthenga wa Ximena unali pa foni: "Mlendo wafika?"
Ndinkautsegula, n'kuutsekanso.
Mayi wanji wochedwa ngakhale ku chithunzi?

Tinapita pa tsiku la makumi asanu ndi atatu.
Chikepe chakale chokwera phiri chinkalira mano,
Amaro ali m'kati mwa jekete la bambo ake, phee.
Ximena anali atatenthetsa chipinda mpaka mawindo kuchita thukuta,
dengu atayalamo ubweya wa nkhosa,
pambali kachipewa koluka kokhala ndi makutu a chimbalangondo.

Tinamuyamwitsa. Sanagone.
Tinamugwedeza, Baltazar akung'ung'udza nyimbo ya ku mpira. Sanagone.
Ximena anamupinda miyendo mwaulemu,
iye anaitambasula, nganganga,
ngati munthu amene anakhalitsa m'bokosi
ndipo sakufunanso kumva za mabokosi.
Kachipewa anakakana ndi mfuu.
Kenako anakodzera malaya oyera a bambo ake,
ositidwa dzulo usiku.

Ximena anaseka mpaka kukhala pansi.
Anakankhira dengu pansi pa tebulo ndi phazi.
"Uyu si wa m'dengu ayi.
Mayi, imani pa windo. Musamukonze chilichonse."

Kumusi ku doko sitima inalira,
Amaro anatembenuza mutu, maso gwa,
kufuna kuona amene wamuitana.
Ndinangomva kamera ikuti tcha, tcha,
kenako zii.

Pa kompyuta anandionetsa kadzanja kake ka kumanzere,
kadontho kofiirira pamene panadutsa singano ya diripi.
"Nditha kukafufuta. Ndi mphindi imodzi basi."
Baltazar anandiyang'ana.
Ndinati kasiyeni.

Chithunzicho chili pamwamba pa firiji.
Mwana sakugona, tsitsi lathothoka mbali imodzi,
tiziphuphu tonse tilipo monga analosera Ximena,
ine m'maso muli mdima wa masabata asanu ndi awiri,
ndipo m'ngodya mukuoneka phewa lonyowa la Baltazar.

Dzulo Fresia wa nyumba yapansi anandiimitsa pa masitepe,
dzanja lili pa msana, mimba ili patsogolo.
Akuti mlamu wake akuti sabata yoyamba,
mnzake wa ku ntchito akuti adikire mwana ayambe kumwetulira.
"Inu munapita liti?"
Ndinamuuza za masiku khumi ndi awiri,
poti n'zoona, amagonadi bwino, amapindikadi.
Ndinamupatsa nambala ya Ximena.
Atatsika masitepe atatu ndinamuitananso:
"Ukalemba pa kalendala, ulembe ndi pensulo."
Sanamve bwino chifukwa cha mphepo.
Amaro anali atayamba kale kulira m'mwamba,
ndinathamanga.